Lettow-Vorbeck, Mjeremani amene anayendetsa makolo athu ndi katundu pamutu

Pamsonkhano wathu wathawu mnyamata wina anafunsa funso limene linatisowetsa pogwira akuluakulufe. Paja munthu akakalamba kwambiri timangoti ameneyu anaona nkhondo ya Jeremani. Ndiye iye amafuna adziwe kuti Jeremaniyo linali dziko kapena anali munthu. Tinaseka, koma palibe anayankha zogwira mtima. Ine ndinalonjeza kuti ndilembapo m'kalata yathuyi, ndipo lero ndabweza ngongole.

Dziko lilipo, ndi Germany. Koma munthunso analipo. Amene makolo athu ankamuthamangitsa m'tchire zaka zinayi, ena atanyamula mfuti, ambiri atasenza katundu, anali mkulu wa asilikali dzina lake Paul von Lettow-Vorbeck. Dzinali ndi lothyola lilime, tizingoti Lettow.

Nkhaniyi ine imandikhudza. Agogo anga aakazi, obereka mayi, ankatiuza kuti bambo awo anathawa kuno pamene masipayo ankayenda m'midzi kufuna amuna. Anawoloka kupita mbali ya Mwanza kwa abale, akuganiza kuti kwa Angerezi kuli mtendere. Sipanathe miyezi, anawagwira komweko kuti akakhale mtengatenga. Anathawa mvula n'kukagwera mu mtsinje. Munthu amene ankamusaka sanamuonepo ndi maso, koma anamusenzera katundu kuposa chaka.

Lettow anabadwa pa 20 Malichi 1870 mu tauni ya Saarlouis ku Germany. Bambo ake analinso mkulu wa asilikali, choncho mwanayo analowa sukulu ya usilikali akadali wamng'ono. Mu 1900 anamutumiza ku China, kumene mayiko a Azungu anagwirizana kukathetsa kuukira kwa anthu otchedwa ma Boxer. Mu 1904 anapita ku dziko limene lero ndi Namibia, pa nkhondo yolimbana ndi Aherero ndi Anama. Mabuku omutama amadutsapo mothamanga pamenepa. Nkhondo imeneyo Ajeremani anathamangitsira Aherero m'chipululu kuti akafe ndi ludzu, otsala n'kuwatsekera m'misasa, ndipo mu 2021 boma la Germany linavomera kuti kumeneko kunali kufuna kutha mtundu wa anthu. Lettow anali m'gulu la akuluakulu ozungulira jenerali Lothar von Trotha, amene analamula zimenezo. Mu 1906 anavulala diso lakumanzere pomenyana ndi anthu a Jakob Morenga. Kumeneko ndiko anaphunzira kuti kagulu kochepa kodziwa tchire kangathe kuzunguza gulu lalikulu. Aphunzitsi ake anali anthu akuda amene ankawasakawo.

Kumayambiriro kwa 1914 anafika ku Dar es Salaam kudzatsogolera asilikali a dziko la Ajeremani la kum'mawa kwa Africa, limene lero ndi Tanzania, Rwanda ndi Burundi. Anali ndi Azungu pafupifupi 260 ndi asilikali akuda pafupifupi 2,500. Mu Ogasiti chaka chomwecho nkhondo yaikulu inabuka ku Ulaya. Bwanamkubwa wa dzikolo, Heinrich Schnee, sankafuna kuti moto umenewo ufike ku Africa. Lettow anaganiza zina. Ankadziwa bwinobwino kuti sangapambane, poti nyanja yamchere inali m'manja mwa Angerezi ndipo thandizo lochokera kwawo silikanafika. Cholinga chake chinali chakuti Angerezi awonongere kuno asilikali, sitima ndi ndalama, zimene zikanapita ku nkhondo ya ku France. Anzanga, mfundo imeneyi muigwire, chifukwa zonse zimene anachita pambuyo pake zikutuluka m'menemu. Sankateteza mudzi wa munthu aliyense. Ntchito yake inali kuchedwetsa.

Dzina lake linamveka mu Novembala 1914 pa doko la Tanga. Angerezi anatsitsa asilikali pafupifupi 8,000, ambiri ochokera ku India, ndipo iye ndi anthu 1,000 okha anawabwezera m'sitima zawo, atasiya mfuti ndi zipolopolo pagombe. Ngakhale njuchi zinathandizapo, zitakwiya ndi kulira kwa mfuti. Kufupi ndi kwathu kuno nkhondo inali itayamba kale. Mu Ogasiti sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja ya Nyasa, ndipo pa 9 Sepitembala anamenyana ku Karonga. M'busa John Chilembwe wa ku Chiradzulu analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, ndipo mu Januwale 1915 anaukira boma.

Mu 1916 adani anamulowera mbali zonse. Jenerali Jan Smuts wa ku South Africa anatsika kuchokera ku Kenya. Asilikali a ku Belgium anachokera ku Congo n'kulanda Tabora. Jenerali Northey anakwera kuchokera kumalire a Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Apwitikizi, amene analowa nkhondoyi mu Malichi chaka chimenecho, anawoloka Rovuma n'kukalanda Newala, koma sanakhalitse, anawathamangitsamo. Lettow sankaima kuti amenyane mpaka mapeto. Ankaluma, n'kubwerera m'mbuyo, n'kulumanso. Njanji inapita, Dar es Salaam inapita, iye ali chitsikire kum'mwera. Mizinga imene anachotsa pa sitima yankhondo ya Königsberg, itamira mu mtsinje wa Rufiji, ankaikoka ndi anthu pa zingwe. Kwinini atatha ankaphika makungwa a mtengo, nsapato ankasoka za zikopa za nyama zam'tchire, ndipo iye mwini, malungo akumugwetsa kawirikawiri, ankayendera asilikali ake pa njinga yakapalasa. Kulimba mtima kumeneko sindimulanda ayi.

Tsono apa ndi pamene makolo athu akulowera. Dera limene ankamenyanalo linalibe misewu. Mahatchi, abulu ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe m'masabata ochepa. Asilikali achizungu a Smuts anagwa ndi malungo ndi kamwazi, masauzande n'kubwezedwa kwawo, ndipo m'malo mwawo munalowa asilikali akuda a King's African Rifles, amene agogo ankangoti Keyala, pamodzi ndi a ku Nigeria ndi Gold Coast. Koma msilikali amadya, ndipo mfuti ya chiwaya imadya zipolopolo. Zonsezo zinkayenda pamutu pa munthu. Mtengatenga mmodzi ankasenza makilogalamu ngati 25, titi theka la thumba la simenti, tsiku ndi tsiku. Ndiye taganizani, wosenzayo nayenso ayenera kudya, ndipo chakudya chake chili m'katundu yemweyo. Ulendo ukatalika, ufa wambiri unkathera m'njira kudyetsa osenza, ndiye pankafunika osenza enanso owonjezera. N'chifukwa chake msilikali mmodzi kutsogolo ankafuna mzere wa anthu kumbuyo kwake. Angerezi okha analemba atengatenga pafupifupi miliyoni imodzi pa nkhondo yonseyi, ndipo amene imfa zawo zinalembedwa ndi pafupifupi 95,000. Ku Nyasaland kokha anatengako anthu ngati 200,000. Ambiri sanafe ndi chipolopolo. Inali njala, kamwazi, chibayo ndi kutopa.

Lettow iye analibe mzere wobweretsa chakudya. Nkhokwe yake inali nkhokwe ya mudzi umene wafikamo. Ankatenga chimanga, mapira, mbuzi ndi amuna oti asenze, ndipo zimene sakanatha kunyamula ankaziwononga kuti omutsatira asapeze kanthu. Dokotala wake yemwe, Ludwig Deppe, analemba pambuyo pake movomereza kuti kumbuyo kwawo ankasiya minda yowonongeka ndi njala.

Kuno ku chigwa cha Zambezi nkhondoyi inabala nkhondo ina. Apwitikizi ankafuna asilikali ndi osenza katundu oti apite kumpoto, pamwamba pa chibalo chokumba msewu wodutsa ku Báruè. Mu Malichi 1917 anthu a ku Báruè anati zakwana. Anaukira motsogozedwa ndi a banja la Makombe, Nongwe-Nongwe ndi Makosa, ndipo motowo unafalikira m'mbali mwa Zambezi mpaka ku Zumbo. Boma linauzimitsa ndi thandizo la ankhondo masauzande a Chingoni, ambiri ochokera ku Angónia. Ndi nkhani yowawa kuikamba, poti m'kalabu mwathu muno muli zidzukulu za mbali zonse ziwiri. Koma tisaibise. Lettow sanapondepo phazi m'chigawo cha Tete, komabe nkhondo yake inafika pakhomo pathu kudzera mwa masipayo ndi anyakwawa amene ankakakamizidwa kupereka anthu.

Mu Okotobala 1917 anamenya nkhondo yoopsa pa Mahiwa, kum'mwera kwa Tanzania. Adani ake anataya anthu oposa 2,000, ophedwa ndi ovulala, koma iyenso zipolopolo zinamuthera. Ku Germany anatumiza chibaluni chachikulu chouluka chodzaza mankhwala ndi zida, koma chinabwerera chili pamwamba pa Sudan. Apa munthu wina akanakweza manja. Iye anasankha olimba okhaokha, Azungu ngati 300 ndi asilikali akuda ngati 1,700, ndi osenza katundu ndi akazi awo, odwala n'kuwasiyira Angerezi. Pa 25 Novembala 1917 anawoloka Rovuma kulowa m'dziko lathu lino. Tsiku lomwelo anagwera msasa wa Apwitikizi pa Negomano, mkulu wa msasawo Major Teixeira Pinto anaphedwa, ndipo Ajeremani anatola mfuti zatsopano, ziwaya ndi zipolopolo zoti n'kumenyera miyezi. Kuyambira pamenepo sitolo yake inali misasa ya Apwitikizi.

Dzinja lonse anakhala m'dera la Niassa ndi Cabo Delgado, mvula ikumutchinjiriza. Midzi yambiri kumeneko poyamba inamulandira, osati chifukwa chomukonda, koma chifukwa chotopa ndi msonkho ndi chikoti cha Companhia do Niassa. Anthu amenewo analipira kawiri, poti Mjeremani anadya chakudya chawo n'kupita, ndipo boma litabwerera linawalanga chifukwa chomuthandiza. Angerezi, tsopano pansi pa jenerali van Deventer, anatsitsa asilikali ku Porto Amélia, imene lero ndi Pemba, ena n'kuchokera ku Fort Johnston, imene ndi Mangochi, kuti amupanikize pakati ngati nsomba mu mono.

Chimene chinachitika m'nyengo yozizira ya 1918 ndi chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Inu a ku Zóbuè mukuidziwa Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chimakuta phiri, kamvula kowaza kosaleka, munthu osafuna kuchoka pamoto. Paja dzina limeneli likuchokera ku phiri la Chiperone la ku Zambézia, ndipo ku Zambézia komweko ndiko nkhondo inalowera miyezi imeneyo. Mitsinje inali itaphwa, anthu atakolola, nkhokwe zili zodzaza. Kwa Lettow imeneyo inali nyengo yabwino. Kwa mtengatenga wogona pansi ndi kansalu kamodzi, itanyowa ndi mame, inali nyengo ya chibayo.

Adani ankayembekeza kuti munthu wothawa apitiriza kuthawa. Iye anatembenuka n'kuyamba kuwamenya. Anapsepsereza pakati pa magulu awo, n'kuthamangira kum'mwera mofulumira kuposa mmene mizere yawo ya katundu ikanathera kumutsata. Mu Juni analanda Alto Molócuè. Kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julayi anagwera Namacurra, kumene kunali siteshoni ya njanji ndi nyumba zosungira katundu za Companhia do Boror, mtunda wosakwana tsiku limodzi ndi theka kuyenda pansi kukafika ku Quelimane. Pamalopo panali asilikali a Apwitikizi ndi ena a Keyala. Atamenyana masiku atatu, mzere wa otetezawo unasweka, anthu anathawira mu mtsinje, ambiri anamira, ena anagwidwa ndi ng'ona. Mkulu wa Angerezi pamenepo, Gore-Browne, anafera pomwepo. Ajeremani anapeza mfuti, zipolopolo, nsalu, shuga ndi vinyo zochuluka kuposa zimene akanasenza, zotsalazo anaziwononga.

Ku Quelimane kunali chipwirikiti. Akuluakulu ankaopa kuti alanda dokolo, kapena awoloka Zambezi. Akanawoloka, bwenzi nkhani ino ikukamba za midzi ya ku Mutarara ndi kuno. Asilikali anathamangitsidwira kum'mwera kukamutchingira, koma iye anali atakhotera kale kumpoto chakum'mawa, n'kukaphwanya gulu lina la Keyala pa Namirrue kumapeto kwa Julayi. Omutsatira ankangozungulira, ndipo paliponse pamene jenerali wasintha maganizo pa mapu, anthu masauzande ankadzuka m'bandakucha kusenza mitolo kubwerera kumene achokera dzulo. Agogo ankati bambo awo chimene ankachikumbukira kwambiri si kulira kwa mfuti ayi, koma kuzizira, ndi kudutsa mtsinje umodzi womwewo katatu osadziwa chifukwa chake.

Amene anamuthyola mphamvu anali anyamata a kutsidya kwa malire athuwa. Pa 30 Ogasiti 1918 Lettow anaukira Lioma, kufupi ndi Gurúè, kumene kunali nkhokwe ya Angerezi. Ankailonda ndi asilikali a gulu loyamba la Keyala, olembedwa ku Nyasaland. Anawazinga mbali zitatu kuyambira masana mpaka usiku, koma anyamatawo sanasunthe m'maenje awo. Kutacha, magulu ena a Keyala anafika, ndipo Lettow anapulumuka pang'onong'ono, atataya akuluakulu ake angapo, zipolopolo, mankhwala ndi osenza katundu ambiri amene anapezerapo mpata wothawa. Anthu ake anali atayambanso kudwala chifuwa. Kuchokera pamenepo sanafunenso nkhondo yaikulu. Pa 28 Sepitembala anawolokanso Rovuma kubwerera kumpoto, atakhala m'dziko lino miyezi khumi.

Anazungulira kumpoto kwa nyanja ya Nyasa n'kulowa mu Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, n'kulanda Kasama. Pa 14 Novembala, ali pa mtsinje wa Chambeshi, anamuuza kuti nkhondo inatha ku Ulaya masiku atatu apitawo. Pa 25 Novembala 1918 anakatula zida ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, ali ndi Azungu 155 ndi asilikali akuda 1,168. Tsikulo linali lokwanitsa chaka chenicheni chiwolokereni Rovuma pa Negomano. Nthawi yomweyo fuluwenza inali ikusesa, ndipo asilikali ndi atengatenga obwerera kwawo anaifikitsa m'midzi.

Kodi cholinga chake chija chinatheka? Pang'ono chabe. Sitima ndi ndalama za Angerezi zinawonongekadi. Koma kuyambira 1917 amene ankamusaka anali anthu akuda, amene Angerezi sankafuna n'komwe kuwatumiza ku France, ndipo Germany inagonjabe. Mmene ndikuonera ine, chaka chomaliza chija, cha Negomano, Namacurra ndi Lioma, sichinasinthe kanthu ku Ulaya. Chinasintha zinthu ku Niassa ndi ku Zambézia, kumene anthu analowa m'dzinja nkhokwe zili mbee.

Kwawo anamulandira ngati ngwazi. Mu Malichi 1919 anaguba pa hatchi mu mzinda wa Berlin, anthu akukuwa, poti anali jenerali amene sanagwidwe. Chaka chomwecho anakwatira, ndipo anatsogolera asilikali kukathetsa zipolowe za anthu anjala ku Hamburg. Mu 1920 analowa nawo chiwembu cha Kapp chofuna kugwetsa boma losankhidwa ndi anthu, chinalephera, ndipo usilikali unathera pomwepo. Anakhalako phungu wa nyumba ya malamulo kuyambira 1928 mpaka 1930. Chipani cha Hitler sanalowe, koma sanaleke kulalikira kuti Germany ibwezeredwe mayiko ake a ku Africa, ndipo ulemu umene boma la Hitler linamupatsa anaulandira. Nkhondo yachiwiri inamulanda ana ake aamuna awiri, ndipo nyumba yake ku Bremen inaphwanyidwa ndi mabomba. Pa umphawi umenewo, mmodzi mwa amene ankamutumizira chakudya anali Smuts, mdani wake wakale uja. Akuluakulu amadziwana, eti.

Mu 1953 anabweranso ku Africa, ndipo ku Dar es Salaam asilikali ake akale anamulandira ndi chimwemwe. Zimenezo n'zoona, ndipo n'zoonanso kuti pa nkhondo ija ambiri anamuthawa, ndi kuti chikoti ndi chingwe sizinkasowa m'gulu lake. Anamwalira ku Hamburg pa 9 Malichi 1964, atatsala masiku ochepa kukwanitsa zaka 94. Ku Germany maganizo pa iye asintha. Mizinda ina yachotsa dzina lake pamisewu, ndipo ku Hannover msewu umene unali wake tsopano ukutchedwa ndi dzina la Namibia.

Chaka chimene anamwaliracho boma la West Germany linatumiza ndalama zolipira asilikali ake akuda amene anali adakali moyo. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti madala ngati 350 anasonkhana ku Mwanza, osati Mwanza yathu ya kuseri kwa Zóbuè iyi, koma ya ku Tanzania m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Ochepa okha ndiwo anali ndi mapepala. Otsalawo ankapatsidwa tsache, n'kulamulidwa m'Chijeremani kuti aligwire ngati mfuti pa perete, ndipo akuti palibe analakwitsa. Ku Zomba kulinso chipilala chachitali chokumbukira a Keyala, amene mwapitako munachiona.

Bambo a agogo anga anabwera kumudzi mvula itayamba, ataonda, pamutu tsitsi litathothoka pamene pankakhala nkhata. Anabwera ndi kapu imodzi yachitsulo. Agogo ankayezera mchere kapu imeneyo mpaka pamene tinathawa nkhondo ya zaka 16, ndipo inatsala m'nyumba imene inapsa.

Amene muli ndi nkhani ngati imeneyi kwanu, ya agogo amene anapita ku Keyala, ku utengatenga kapena ku Báruè, mubwere nayo pamsonkhano ukubwerawu, kapena mumuuze mlembi wa kalabu ailembe. Mnyamata wafunso uja asajombe.